Masitepe a Nsanja ya ku Colvento

Pali chinthu chimene ndinakhala zaka zinayi osauza munthu, ngakhale wansembe polapa: ine Tecla, mwana wa wosunga kiyi wa nsanja ya ku Colvento, sindinafikepo pamwamba pa nsanjayo.

Kwathu kuno mwana akakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri amakwera yekha masitepe onse 134, n'kuliza belu kamodzi. Akatsika amatchula pamaso pa anthu midzi isanu ndi iwiri imene waiona m'chigwa, ndiye amamupatsa kakapu ka vinyo wothira madzi. Akuti zinayamba kale, nsanja ili ya alonda, pamene asilikali a kuchigwa ankabwera kudzatentha minda ya mphesa, ndipo aliyense ankayenera kudziwa kumene adani angatulukire.

Tsiku langa litafika ndinakwera mpaka sitepe ya 41. Pamenepo masitepe a miyala amatha, n'kuyamba a matabwa amene anaikidwa chivomezi chitagumula mbali ina, ndipo pakati pa thabwa ndi thabwa umaona pansi. Ndinaopa kupondapo. Ndinakhala pansi, ndikumva anthu akucheza pabwalo. Kenako ndinaona chingwe cha belu, chimene chimatsika pabowo mpaka pomwepo. Ndinadikira pang'ono, n'kuchikoka. Midzi ija ndinali nditailoweza kale, chifukwa bambo ankandiimbira mayina ake pondisambitsa ndili wamng'ono. Ndinaitchula osaphonya. Bambo analira, n'kunamizira utsi wa soseji.

Papita zaka zinayi. Sukulu ikatsekera ndimakhala patebulo la pakhomo la nsanja, kulandira alendo. Kuyankhula ndi anthu kumandivuta, koma za pamwamba ndimazinena bwino. Ndimawauza kuti akafika ayang'ane kumanzere, aona mtsinje wopindika ngati chikwakwa, minda ya maolivi, ndi nyumba ya masisitere yopanda denga. Kumanja kuli mapiri, ndipo tsiku lopanda nkhungu kumaoneka kanyanja kowala ngati supuni. Onsewo ndi mawu a bambo. Alendo akatsika amati, “Ndendende mmene unanenera!” Ine ndimayang'ana nsapato zanga.

Chaka chino bondo la bambo linafika poipa. Dokotala wa kuchigwa anati likufunika opaleshoni, ndipo akachira za masitepe aiwale. Nkhaniyi tinaikamba Lamlungu pachakudya chamasana. Panalinso azakhali anga a Palmira, alongo awo a bambo, amene ali ndi bekale pafupi ndi chipata cha linga la mudzi wathu.

“Egidio, wamva zimene akunena a meya?” anatero azakhali kwa bambo. “Akuti kiyi apatse kampani ya kuchigwa, aike kamakina kowerenga anthu pakhomo.”

“Kamakina kathira mafuta wotchi ya pamwamba pa nsanja? Kachotsa zisa za nkhunda?”

“Nanga iwe ndi bondo lako lophika kalelo uchotsa?”

“Bondo langa n'labwino kuposa buledi wako wa Lolemba. Uja ndinakhomera msomali.”

“Koma unamaliza wonse, nkhalamba iwe.”

Bambo anaseka, kenako anatembenukira kwa ine. “Kiyi umenewu wakhala m'nyumba muno kuyambira agogo a agogo anga. Lachisanu ndikauza a meya kuti Tecla autenga. Wotchi ndi kawiri pa sabata basi, akaweruka kusukulu. Mwanayu nsanja amaidziwa kuposa ine.”

“Amaidziwadi,” anatero azakhali. “Koma mumufunse kaye. Si mbuzi yoti mungoikoka.”

“Ukuti bwanji, mwanawe?”

Ndinali ndi nyemba m'kamwa. Ndinagwedeza mutu, ndipo iwo anaona ngati ndavomera.

Sabata imeneyo ndinayesa kawiri, m'mawa alendo asanabwere. Ulendo woyamba ndinaponda thabwa loyamba n'kubwerera. Wachiwiri ndinatseka maso, ndinafika pa lachitatu, thabwalo linalira, ndipo ndinatsika chokwawa ngati mwana. Ndinkadziwa kuti ndikakhala chete, wotchi idzaima sabata yoyamba yomweyo, ndipo mudzi wonse udzadziwa kuti bambo analonjeza zabodza kwa a meya. Ndikanena, kiyi upita kuchigwa. Sindinkadziwa chimene chingawapweteke kwambiri.

Lachinayi masana, mabasi a alendo atapita, bambo anafika ndi ndodo yawo ndi kabotolo ka mafuta a wotchi.

“Tseka chitseko. Tikwere limodzi, ndikakuonetse pothira mafuta. Ndikufunanso ndikatsanzike nsanjayi.”

“Ababa, dokotala anakana.”

“Dokotalayo ndi wa kuchigwa. Kwawo chinthu chachitali ndi mpando wa basi.”

Tinayamba. Anakoloweka mkono paphewa langa, ndipo tinkakwera sitepe imodzi n'kupuma. Ankanunkha khofi ndi mafuta a makina. Ankandionetsa zinthu zimene ndinkazidziwa kale, koma sindinawaletse: mwala umene uli ndi zilembo za Aroma, umene omanga anautola kumanda akale n'kuuika chadodolido, kazenera kopyapyala koponyera mivi, dzina la agogo, lolembedwa ndi msomali chaka chimene anabwera kunkhondo.

“Mayi ako ndinawafunsira pamwambapo,” anatero. “Anavomera msanga kuti titsike, kunali mphepo.”

Mayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu, ndipo bambo sawatchula kawirikawiri. Ndinafinya dzanja lawo.

Pa sitepe ya 41 anakhala pansi mwamphamvu. Nkhope inali itayera, thukuta lili kamukamu. Anayang'ana matabwa okwera mozungulira mpaka kumene kuwala kumalowera, n'kupukusa mutu.

“Basi. Ine panga ndi pano.” Anapuma kanthawi. “Zaka makumi atatu ndikuthamanga pamenepa ngati mphaka. Taona lero.”

Anatulutsa kiyi m'thumba, wautali ngati dzanja langa, wosalala chifukwa cha manja a anthu ambiri, n'kuuika pamwendo panga pamodzi ndi kabotolo kaja.

“Pita wekha. Mafuta ndikufotokozera ukatsika. Ungokandionera ngati paphiri lalikulu patsala chipale choyera, ndiponso ngati kanyanja kakuoneka. Ukandiuze bwinobwino, mmene umauzira alendo muja. Ndimakumvetsera, ukudziwa? Ndimaima kuseri kwa chitseko.”

Ndinaimirira. Ndinaika phazi pathabwa loyamba, ndipo pansi panaonekera pampata, kutali, tebulo langa lili ngati kabokosi ka machesi. Ndikanatha kukwera pang'ono, kubisala pokhota, n'kubwera ndi chipale ndi kanyanja zanga zopeka. Akanakhulupirira. Ndinacheuka. Anali atatsamira khoma, maso ali kwa ine, akumwetulira ngati munthu amene akudikira mphatso.

Ndinabweza phazi, n'kukhala pambali pawo pamwala wozizira. Kiyi ndinaugwira ndi manja awiri.

“Bwanji, watopa kale? Mtsikana wa zaka sikisitini?”

“Ababa.”

“Ndikumva.”

Mawu anatuluka aang'ono, koma m'nsanja mawu aang'ono amamveka.

“Ababa, ine sindinafikepo pamwamba. Tsiku lija belu ndinaliza ndili pompano. Ndimaopa matabwawa. Zonse zimene ndimauza alendo ndinaziona ndi maso anu.”