Ndinalowera Geti la Antchito

Makalata awiri anafika sabata imodzi, ndipo onse ankanena chinthu chimodzi: mwana wanga Chifuniro wakhoza mayeso olowera, amupatsa basale. Masukulu onse awiri ndi a sekondale, a atsikana okhaokha, oyendera, ndipo si aboma. Anatipatsa mpaka Lachisanu la sabata yachiwiri kuti tisaine fomu imodzi, malo enawo apatse mwana wina. Walira mvula walira matope. Zaka zonsezi ndinkapempha Mulungu kuti atsegule khomo limodzi, ndiye iye n'kutsegula awiri kuti aone mmene ndivutikire.

Kunyumba maina achingerezi a masukuluwa sitinkalimbana nawo. Ina tinkaitcha ya kunjanji, chifukwa ili pafupi ndi siteshoni, yaing'ono, ya njerwa zofiira. Inayo tinkaitcha ya kuphiri. Imeneyo ndiye ya kapinga wometedwa ngati mutu wa msilikali, ndi chipinda cha sayansi chimene Chifuniro ankangochiyang'ana pa kabuku kamene anatitumizira. Tsamba limenelo linachita kuda ndi zala zake.

Bambo ake, a Ackson, ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo nkhani amaiona ngati khoma, ikhale yowongoka basi.

"Ya kunjanji," anatero. "Taxi imodzi, finish and klaar, nkhani yatha. Komabe za mwana wamkazi mumazidziwa ndinu, mayi a Chifuniro."

Amuna ndi ochenjera. Zikadzayenda bwino adzati tinasankha, zikadzavuta adzati munasankha.

Ine mantha anga sanali a taxi. Ndagwira ntchito ya m'nyumba ku Somerset West, kuno kudziko la eni, zaka khumi ndi zitatu, kwa madamu mmodzi yemweyo, ndipo timakhala m'kanyumba ka kuseri kwa garaji yake. Ndaona zambiri. Ndikudziwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene mwana wake anapita kusukulu yotere, lero mwanayo amamuuza kuti azimudikira pakona, asamafike pageti. Chimene ndinkaopa n'chimenecho. Ndinkafuna sukulu yoti imukweze mwana wanga, koma osati imukweze mpaka aziona mayi ake ngati chinthu chobisa.

Ya kunjanji tinakaiona Lachitatu, ndipo chilema sindinachipeze. Ahedi anandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinapempha kupita kuchimbudzi ngakhale ndinalibe nacho chochita, chifukwa ife antchito timadziwa kumene choona cha nyumba chimakhala. Kunali koyera mpaka kuseri kwa chitseko.

Ya kuphiri inaitana Loweruka. Atsikana anayenera kufika 8 koloko kuti akalawe maphunziro, makolo 10 koloko. Madamu ankapita kumsika cha komweko, ndiye anamutengako Chifuniro. Ine ndinayamba ndasintha zofunda pamabedi, kuyanika zochapa, kenako n'kuvala zovala zanga zolemekezeka, siketi yakuda ndi bulauzi yoyera. A Ackson anali kuntchito, choncho ndinapita ndekha.

Nditatsika taxi ndinapeza magalimoto ali pamzere pageti lalikulu, mlonda akuwalozera koima. Panalibe ndi mmodzi yemwe wolowa wapansi. Chakumunsi pang'ono kunali kageti kakang'ono kotsegula, galimoto ya buledi itaima pomwepo. Sindinganame kuti ndinaganiza. Miyendo inasankha yokha. Zaka khumi ndi zitatu ukulowera kumbali kwa nyumba, mwendo umadziwa njira kuposa mutu.

Kanjirako kanandifikitsa kukhitchini. Mayi wina wamkulu thupi, wachikhosa, atagwira pepala, anangondiona n'kuwomba m'manja.

"Ulate, sisi! Khawuleza!"

Ankati ndachedwa, ndifulumire. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti akazi onse m'khitchinimo avala masiketi akuda ndi mabulauzi oyera. Ankadikira munthu wa ganyu wothandiza kupereka tiyi, ndipo ine ndinafika nditavala yunifomu yake yeniyeni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma epuloni inali italowa kale m'khosi, mayiyo atatembenuka kukakalipira wa buledi.

Ndikanatha kuivula. Koma ndinaona makapu ali patebulo lalitali m'holo, zogwirira zikuloza kulikonse ngati anthu okangana, ndipo manja anga sapirira zotere. Komanso mumtima ndinati, iwe Ellina, unkafuna kuiona sukuluyi, nayi tsopano waiona kuseri kwake.

Ndikukonza makapuwo, limodzi linatsala pang'ono kugwa, ine n'kuti, "Mayo ine!" Mtsikana amene ankadula masikono pambali panga anadzutsa mutu.

"Ndinu akumudzi?"

Dzina lake anali Tusajigwe, wa ku Karonga, ndipo anali atagwira pasukulupo zaka zisanu ndi ziwiri. Tinapatsana moni wa bwinobwino, wofunsana ndi kunyumba komwe. Kenako ndinayamba kumufunsa ngati wapolisi.

"Atsikana a pano amakutengani bwanji inu antchito?"

"Ana ndi ana, amama," anatero. "Ena amakupatsa moni, ena amakudutsa ngati mpando. Koma mbale amachotsa okha. Ndipo wina akamuyankha mwano cleaner, ahedi amaitanitsa makolo same day. Ndaziona kawiri."

"Nanga ana a basale? Amadziwika?"

"Ife timawadziwa chifukwa amabwera kudzapempha madzi otentha m'mawa, achoka kutali. Koma m'kalasi sindikudziwa, sindilowamo. Mukufunsiranji zonsezi?"

Nditamuuza anagwira pakamwa, n'kuseka mpaka mpeni kuuika pansi. "Ndinu parent? Amama, vulani msanga, mutiphetsa!"

Koma nthawi yomweyo zitseko za holo zinatseguka. Makolo analowa, ndipo bambo wina anali atanditambasulira kale kapu. Ketulo inali m'manja mwanga. Ndinathira. Wachiwiri anabwera, ndinathiranso. Palibe amene anandiyang'ana kumaso, ndipo zimenezo sizinandipweteke, ndinazizolowera.

Kenako analowa atsikana. Chifuniro anali pakati pa anzake awiri atsopano, kapepala ka dzina lake katamatidwa pachifuwa, akuseka ndi mano onse. Sindinamuonepo akuseka choncho pakati pa alendo. Atandiona anaima. Maso ake anatsika pa epuloni, n'kubwerera kumaso kwanga. Ine ndinamwetulira, ndikudikira. Anafika patebulo pamzere ndi anzakewo, anatenga tambula ya juwisi, n'kunena motsitsa mawu, "Thank you." Ndipo anapita.

Ndapwetekedwapo m'moyo, koma izi zinalowa malo ena. Sindinalire. Ndinatsiriza kuthirira mayi amene anali patsogolo panga, ndinavula epuloni, kuipinda bwinobwino, n'kumupatsa Tusajigwe. Ndinakakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo. Ahedi analankhula nthawi yaitali, anthu ankawomba m'manja, koma ine sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndinkangoti mumtima, maola awiri okha mwana wandikana, nanga zaka zisanu?

M'taxi iye ankayang'ana pawindo, ine ndinkayang'ana khosi la dalaivala.

Lolemba ndinatenga fomu ya kunjanji n'kuilemba yonse, kungotsala kusaina. A Ackson anakondwa, anati mwaona, nzeru zanga zija. Za epuloni sindinawauze. Chifuniro anaiona fomuyo patebulo, anaiwerenga, n'kupita kukasita yunifomu yake osanena kanthu. Kukhala chete kwakeko kunandikwiyitsa kuposa mwano.

Lachitatu nditaweruka, dzuwa lisanalowe, ndinamukhazika pampando pakhomo kuti ndimuluke tsitsi. Nkhani zovuta ndimazikamba poluka, chifukwa simuyang'anana. Nditafika mzere wachitatu ndinafunsa.

"Loweruka lija sunandione?"

"Ndinakuonani."

"Ndiye mayi ako asanduka thank you?"

Iye anati, "Munali mutavala epuloni."

"Ndiye epuloniyo inakuchititsa manyazi?"

"Ayi, amayi. Munanena nokha kuti mukavala epuloni ndisamakuitaneni."

Manja anga anaima. "Ine? Liti?"

"Ndili Grade One. Madamu anali ndi alendo pakhonde. Ine ndinabwera ndikuthamanga ndi chithunzi chimene ndinajambula kusukulu, ndikukuwa kuti amayi, amayi. Munanditengera kuseri kwa garaji n'kunditsina khutu. Munati mukavala epuloni si inu mayi anga, ndinu wantchito, ndipo ndikadzakuitananinso pamaso pa anthu ntchito idzatha, tidzabwerera ku Ntcheu." Ankalankhula mofatsa, ngati akunena za nyengo. "Chiyambire pamenepo sindinakuitaneniponso. Simunazindikire?"

Sindinazindikire. Zaka zisanu ndi ziwiri mwana akudutsa pakhonde la madamu mwakachetechete, akundidikira kukhomo la khitchini mpaka nditamuona ndekha, ine n'kumadzitama kutchalitchi kuti mwana wanga ndi waulemu. Tsiku la khutulo ndinalikumbukira bwino lomwe. Nthawi imeneyo mapepala anga anali asanatuluke, ndipo ndinkaopa chilichonse, ngakhale mawu a mwana wanga.

"Ndinaganiza kuti mwapeza piece job kumeneko kuti mundigulire blazer," anapitiriza. "Ndinkaopa kuti akadziwa kuti ndinu parent akuchotsani. Juwisi uja sindinamwe. Ndinakamutaya ku toilet."

Ndinachita manyazi aakulu, ndipo ndinamumvera chisoni mwana wanga kuposa mmene ndinadzimverera ndekha Loweruka. Ndinakhala masiku anayi ndikuiimba mlandu sukulu ya eni, pamene phunzirolo analiphunzira pakhomo pano, mphunzitsi wake ndine.

Ndinamuuza mmene zinakhalira, za kageti, za mayi wachikhosa, za makapu. Anayamba kuseka pang'onopang'ono, kenako anaseka mpaka mzere umene ndinali kuluka unamasuka wonse.

"Amayi! Ndiye munagwira ntchito yaulere?"

"Khala bwino, ndikutsina khutu linalo."

Titatha kuseka ndinafunsanso, chifukwa ine nkhani sindimaisiya theka. "Koma undiuze zoona. Manyazi analibiretu?"

Anazengereza. "Analipo pang'ono. Poyamba penipeni, anzanga aja ali pompo. Kenako ndinadzida chifukwa cha manyaziwo."

Yankho limenelo linandilasa, koma ndinalikonda kuposa bodza. Akanati analibiretu, sindikanamukhulupirira. Manyazi otere sukulu ya kunjanji sikanawachotsa, ndipo ya kuphiri sinawabweretse. Imeneyo inali ntchito yanga ndi iye.

"Ukufuna iti?" ndinamufunsa. Kanali koyamba kumufunsa mwachindunji, zimenenso ndi zochititsa manyazi.

"Ya kuphiri. Anatilola kuyatsa moto wa gasi tokha, amayi. Madzi anasintha mtundu ine ndikuona."

Madzulo omwewo ndinasaina fomu ya kuphiri. A Ackson anapukusa mutu. "Ma taxi awiri. Mvula ya June ya kunoyi mudzaiona."

"Tidzaiona tonse," ndinatero. Kenako ndinatembenukira kwa Chifuniro. "Ndipo lamulo lija latha. Epuloni kaya popanda epuloni, ukandiona undiitane."

Anangoti chabwino, koma ndinaona kuti sakukhulupirira kwenikweni. Mawu a tsiku limodzi safafaniza zaka zisanu ndi ziwiri.

Lachisanu anapita yekha kukapereka fomu ataweruka kusukulu. Masana amenewo madamu anali ndi anzake asanu pakhonde, amene amabwera mwezi uliwonse kudzakamba za mabuku, ngakhale ine ndimamva akukamba za madokotala awo. Ndinali kutuluka ndi thireyi ya makapu pamene ndinamva geti likutsekeka. Chifuniro anabwera ndi kanjira ka m'mbali monga mwa masiku onse, koma atafika pokhotera kukhitchini sanakhote. Anaima pansi pa masitepe a khonde, chikwama kumsana, kapepala kodinda kosonyeza kuti fomu yalandiridwa kali m'manja.

"Amayi," anatero. Sanakweze mawu, koma onse anamva.

Azimayi aja anasiya kulankhula n'kutembenuka. Ndipo ine, Ellina, amene ndinathetsa lamulo ndi pakamwa panga, maso anga anathamangira kaye kwa madamu. Kanali kamphindi chabe, koma mwana anakaona. Ndinaona phazi lake likubwerera m'mbuyo.

Ndinaika thireyi patebulo, makapu osagawa, n'kutsika masitepewo.

"Ndine pano, mwana wanga," ndinatero mokweza, kuposa mmene ndinalankhulirapo pakhonde limenelo. "Bwera nako ndione."