Wotentha Ndani?

Singano ya geji ya kutentha kwa injini inafika pofiira Loice asanatuluke n'komwe mu Thamesmead, ku London. Anakhotera m'mbali mwa msewu n'kuzimitsa injini, kenaka anangomva phwiii, nthunzi ikutuluka m'boneti. Maluwa amene ankapita nawo kumanda a mwamuna wake anali pampando wapambali, ayamba kale kufota. Aka kanali kachitatu mwezi womwewo.

Galimotoyo inali ya malemu Greenwell, yobiriwira, ya mu 1971, ya mipando iwiri yokha, zija azungu okalamba amatulutsa dzuwa likawala. Greenwell ankakonza mabasi, ndipo anaigula ili dzimbiri lokhalokha. Zaka zisanu ndi zinayi, Loweruka lililonse, munthu anali m'garaja. Atamwalira mu Febuluwale, Loice analumbira kuti aziiyendetsa yekha popita kukamuona. Ulendo woyamba inayenda bwinobwino. Mavuto anayamba mkulu wake wa malemu, Paterson, atabwera ndi chifundo chake kudzaiona.

Ndi Paterson yemweyo amene anafika ndi vani ya kuntchito kwake atamuimbira foni. Sanabwere yekha. Anatenga azakhali a Edna, mlongo wa bambo awo, mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri amene mawu ake ankamveka kuchokera ku Croydon mpaka ku Katete.

Paterson anatsegula boneti, n'kukankha magalasi ake pamphuno. Mwendo umodzi wa magalasiwo unali womanga ndi waya wamkuwa chiyambire chaka chatha.

"Alamu, motoka iyi ndinaikonza ndi manja angawa," anatero. "Themositati ndinaika nyuwani. Ine ndikayendetsa imakhala zii ngati fuliji. Mukangogwira chiwongolero inu, yawira. Manje tinene kuti vuto ni motoka?"

"Mukutanthauza chiyani, alamu?"

"Ine sindinanene kanthu. Koma zinthu za malemu zimamva. Zikagwiridwa ndi munthu wotentha zimakana."

Kwathu akati munthu ndi wotentha sanena za malungo. Paterson ankanena kuti mkazi wamasiyeyo wayamba kale kugona ndi mwamuna wina, dothi la pamanda lisanakhazikike. Ndipo ananena zimenezi pamsewu, mabasi akudutsa, nkhope ili yachisoni ngati akutsogolera pemphero. Anthu ena manyazi anawasiya pabwalo la ndege, ndithu.

"Mwana wanga," anatero azakhali a Edna motsitsa mawu, "miyezi isanu sinakwane. Ngati pali mwamuna, ungonena, tikonze mwamwambo."

"Mwamuna wake uti, azakhali? Ine ndikaweruka kuwodi kuchipatala ku Edmonton ndimakwera sitima ndi mabasi awiri, ndikafika ndimagona ndi nsapato kuphazi. Mwamunayo ndimakumana naye poti?"

"Usandikwezere mawu. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tibwera kunyumba kwako. Kiyi wa galimoto ukampatse Paterson asunge. Ndipo akumudzi ayenera kumva, ine sindingawabisire."

Loice anadziwa tanthauzo lake. Foni imodzi ya azakhali yopita ku Katete, dzina lake likanatha. Mayi ake omubereka akanamva kumsika kuti mwana wawo ku London wawiritsa galimoto ya malemu ndi chiwerewere. Paterson anakoka galimotoyo ndi chingwe mpaka kunyumba, ndipo njira yonse Loice anakhala pachiwongolero akuyang'ana kumbuyo kwa vaniyo.

Loweruka m'mawa analowa m'garaja. Munkanunkhabe oyilo ndi sopo wa Greenwell. Anathira madzi m'ladiyeta, n'kuliza injini, n'kukhala pampando maso ali pa singano. Mphindi zitatu, singano ili pansi. Mphindi zisanu, yayamba kukwera. Apo m'pamene anakumbukira kuti Paterson, nthawi zonse ziwiri zimene anaiyesa, ankangofika pakona n'kubwerera. Galimoto yake iti ingawire pakati pa garaja ndi kona?

Singano itayandikira pofiira anazimitsa. Loice anali atagwira ntchito ya unamwino zaka makumi awiri, ndipo anachita zomwe amachita ndi wodwala: anayendetsa kuseri kwa dzanja. Injini inali moto, osayandikika. Paipi yaikulu yapamwamba, yopita ku ladiyeta, inali yofunda pang'ono chabe. Ladiyeta yeniyeniyo inali zii.

"Mutu ukuwotcha, miyendo yazizira," anadziyankhulira. "Iwe, magazi sakuyenda."

Pashelefu panali kapoto kakuda, kopindika chogwirira. Kapoto kameneka kanayambanitsapo banja. Tsiku lina Loice anapeza Greenwell akuwiritsa kachitsulo m'poto wake wa tiyi, ndipo anamukalipira mpaka aneba anagogoda khoma. Greenwell anangoseka n'kumukokera pafupi.

"Taona, mayi. Aka ndi themositati, kachitseko ka madzi. Injini ikakhala yozizira kamatseka. Ikatentha kamatsegula, madzi apite ku ladiyeta akapole. Kakakana kutsegula, injini imapsa. Ndiye usanakaike uyambe wakaphika, uone ngati kayasamula."

Loice anamulanda potoyo tsiku lomwelo n'kumuponyera m'garaja, koma phunzirolo linakhala.

Anadikira injini izizire, n'kukhetsera madzi ena m'beseni. Pomwe paipi yapamwamba imalowa m'injini panali kachivundikiro ka manati atatu. Sipanala yake inali pamsomali pomwe mwini wake anaisiya. Nati yachitatu inamusupula chala, koma inamasuka. Anazula themositati ija n'kuitembenuza.

Kunsi kwake, pakati pa sipuling'i, panali waya wamkuwa. Wina anamukulunga mosamala, kambirimbiri, mpaka sipuling'iyo inalibe poti n'kupanikizika, ndipo nsonga zake anazipota ndi pulayala n'kuzibisa m'kati.

Loice anakhala pansi pa simenti. Sanalire. Anakumbukira Paterson pamaliro, mmene ankagubudukira pafupi ndi bokosi mpaka amuna awiri kumugwira. Anakumbukira kuti tsiku lomwe Paterson ankakulunga wayayu iye anamuphikira nkhuku, namupakulira ntchafu zonse ziwiri. Anadzuka, natuluka panja, nalavula m'ngalande. Kenaka anakhuthula chidebe cha zitsulo zotha, ndipo pansi pake anapeza themositati yakale ya Greenwell, imene Paterson anati inafa.

Lamlungu azakhali ndi Paterson anafika cha m'ma thuu koloko, Paterson ali m'suti ya kutchalitchi, Baibulo kukhwapa. Vani ya kuntchito sayenda nayo Lamlungu, choncho anabwera pabasi. Paterson anakhala pampando wa Greenwell osauzidwa.

"Tiyambe ndi pemphero," anatero.

"Tiyambe ndi kukhitchini," anayankha Loice. "Azakhali, pepani, tabwerani muone zomwe ndaphika."

Pachitofu panali kapoto kakuda kaja, madzi ayamba kulira. M'katimo munali tizitsulo tiwiri, tili pa zingwe zomangirira ku mpini wa chikombe.

"Zamatsenga zanji izi?" anafunsa azakhali.

"Si matsenga. Aka kakumanzere ndi ka Greenwell, kamene alamu anati kanafa. Aka kakumanja ndi katsopano kamene anaika iwo. Madzi akatentha, kamoyo kayasamula. Ingoyang'anani."

Azakhali a Edna anawerama, manja kumbuyo. Paterson anaima pakhomo la khitchini, akuti zimenezi n'zachibwana, zitsulo za motoka saziphika ngati mbatata. Madzi asanabwadamuke, kakumanzere kanayamba kutseguka pang'onopang'ono mpaka kusiya mpata wolowa nsonga ya chala.

"Ee! Kayasamuladi!" anatero azakhali. "Nanga aka?"

Madzi anawira mpaka kudumphira pachitofu. Kakumanja kanangoti duu.

Loice anakavuula, n'kukaika m'mbale yoyera ya alendo, n'kukatembenuza ndi foloko. "Madzi sankafika ku ladiyeta, azakhali. Chitseko chinamangidwa. Akanayendetsa abusa, akanayendetsa inu, ikanawira ndithu."

"Zimabwera choncho kuchokera kushopu," anatero Paterson. "Izi za masiku ano..."

Azakhali anayang'ana wayayo nthawi yaitali. Kenaka anadzutsa mutu n'kuyang'ana Paterson kumaso, osati m'maso, koma pambali, pamwendo wa magalasi.

"Tavula magalasiwo, Paterson."

"Azakhali, waya ni waya, aliyense..."

"Ndati vula."

Sanavule. Dzanja linangopita lokha kukaphimba pomangapo, ndipo kuphimbako kunanena zonse.

"Chabwino!" anakalipa. "Motoka ya mng'ono wanga ikhale ndi mkazi? Mawa akwatiwa, tione chimwamuna china chikuyendetsa thukuta la Greenwell? Ni chuma cha banja ichi! Ine ndimafuna ikhale pamtundu."

"Ukanapempha," anatero azakhali. Mawu awo anali otsika. "Ukanapempha, akanakukaniza, zikanathera pomwepo. Koma iwe unanditenga ine, nkhalamba, kukandiimika pamsewu kuti ndimufunse mwana wa eni ake za amuna. Dzulo ndagula khadi la foni kuti ndiimbire ku Katete. Ptu! Wandinyansa, Paterson. Wotentha ndani pano?"

Loice anakulunga themositati ya waya ija m'pepala la kukhitchini n'kuiika pamwamba pa Baibulo la mlamu wake.

"Tengani, ndi yanu. Ndipo kiyi wa garaja amene Greenwell anakupatsani, musiye patebulopo."

Paterson anafufuza m'thumba, namuponya kiyiyo, natuluka osatseka chitseko.

Kubwezera themositati yakale kunatenga theka la ola. Azakhali anaima pambali ndi chovala chawo cha kutchalitchi, atagwira manati atatu m'dzanja ngati ndalama ya chopereka, n'kumapereka imodziimodzi. Loice anadzaza madzi, naliza injini, ndipo onse awiri anadikira. Singano inakwera kufika pakati, n'kuima. Loice anagwira paipi yapamwamba, kenaka anatenga dzanja la azakhali n'kuligwiritsa pomwepo. Inali yotentha.

"Mwana wanga, ine ndinalakwa," anatero azakhali.

"Munalakwadi, azakhali. Mwandidziwa zaka makumi awiri ndi zitatu, koma munakhulupirira geji."

Mayi wachikulireyo anapita kukatenga maluwa ofota aja pawindo, nadzipinda movutikira kulowa m'kampando kotsikako, maondo ali m'mwamba.

Atakhota pakona anamuona Paterson pasiteji. Mabasi a Lamlungu amachedwa, ndipo anali ataima yekha, Baibulo kukhwapa, kapepala kaja kali m'manja. Atamva kulira kwa injini ya mng'ono wake anatembenuka, nakweza dzanja mwatheka.

"Usaime," anatero azakhali.

"Ngakhale ndikanafuna, azakhali, mipando ndi iwiri."

Anadutsa. Njira yonse mpaka kumanda azakhali a Edna sanayang'ane msewu ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa singano, ndipo singanoyo sinasunthe pakati.