Mlezi wa a Meya

Ine ndi mlongo wanga Osvaldino tinatuluka m'mimba imodzi, bambo ndi mmodzi, koma khungu anatigawira mokondera. Ine ndinatengera amayi, wakuda bii, tsitsi lothyola chipeso. Iye anatengera bambo, dalaivala wa lole wa ku Sergipe, woyera ngati chinangwa chosenda, amene tsiku lina anapita kukatula katundu ndipo mpaka lero akutulabe. Kuno ku Barra do Jenipapo aliyense amadziwa kuti mwana woyera ndiye woyenera kumuwonongera ndalama. Choncho amayi athu, Dona Firmina, anapsa manja akukazinga zitumbuwa za nyemba pa siteji ya basi kuti Osvaldino, amene timangomuti Dino, akaphunzire kwa ansembe ku Salvador. Ine ndinaphunzira kusinja nyembazo.

Bodza linabadwira kusukulu komweko. Tsiku loona ana, amayi anavala diresi loyera ndi duku, ine ndinanyamula phukusi la chakudya. Anzake a Dino, ana a eni minda ya nzimbe, anamufunsa kuti mayi wakudayo ndi ndani. Iye sanaphethire n'komwe. Anati ndi mlezi wake. Amayi anamva, inenso ndinamva. M'basi pobwerera ndinalira ndi ukali, koma iwo anangondigwira bondo.

"Musiye aphunzire. Akadzamaliza adzanditchula."

Anamaliza, osawatchula. Anakhala loya, anthu n'kuyamba kumuti Dokotala Osvaldino, poti kuno aliyense wovala tayi ndi dokotala. Amayi anati akadzakwatira. Anakwatira Heloísa, mwana wa mwini mafamu, ndipo pa ukwatiwo amayi anadyera kukhitchini pamodzi ndi ophika. Anati akadzapambana chisankho. Anapambana, n'kukhala meya, n'kuwatenga kukakhala kunyumba yake yaikulu, m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini komwe nyumba iliyonse yolemekezeka imasungira wantchito. Alendo akafunsa, amayi anali ndi yankho lawo loloweza pamtima: "Ndine mlezi wa a dokotala. Ndinawalera kuyambira ali khanda." Achikulire a m'tauni muno ankadziwa zoona zake. Koma meya ndiye amalemba ntchito aphunzitsi, osesa mumsewu ndi okumba manda, ndiye anthu anaphunzira kuiwala.

Zaka makumi anayi amayi akudikira mawu amodzi okha: kuti mwana wawo awatchule amayi pagulu. Ine ndinasiya kale kuyembekezera. Ndinatsala ndi chiwaya chawo pa siteji, ndi pakamwa panga.

Ndiye tsiku lina galimoto ya meya inaima pafupi ndi chiwayacho, Dino n'kutsika yekha. Sankabwerako n'komwe, kupatula nthawi ya chisankho.

"Achemwali, muli bwanji?"

"Achemwali? Kodi wamwalira ndani?"

"Jandira, usayambe. Ndi nkhani ya Tavinho."

Tavinho ndi dzina lachibwana la Otávio, mwana wa Dino, amene anakula akuwaitana agogo ake kuti Dona Firmina ndi kuwatuma madzi akumwa. Ankafuna udokotala weniweni, wa jakisoni, koma mayeso sanakhoze mofika pa malo a aliyense. Panatsala malo amene mayunivesite a boma amasungira ana akuda ndi ofiirira. Dino ndi yemwe uja ankafuula pa wailesi kuti lamulo limeneli ndi tsankho, kuti m'dziko muno mulibe mitundu, tonse ndife amodzi. Koma ali mkati mofuula anali atamusamutsira kale mnyamatayo kusukulu ya boma, poti lamulolo limafunanso zimenezo. Anthu anauzidwa kuti a meya akufuna mwana wawo akhale pafupi ndi anthu wamba.

"Talembetsa kuti ndi wofiirira," anatero Dino. "Inenso pa mpando wa uphungu ndalembetsa chimodzimodzi."

"Iwe? Chisankho chatha chija unali mzungu."

"Munthu amazindikira mizu yake."

"Mizu yako imakutsukira mbale tsiku ndi tsiku. Waizindikira liti?"

Anandiuza vuto lake akuyang'ana uku ndi uku. Yunivesite ili ndi komiti yoona nkhope kuti itsimikize ngati munthu alidi wakuda kapena wofiirira, ndipo Tavinho anali atapitako kale. Ine ndinali nditamva zokonzekera zake kwa mtsikana wochapa kunyumbako. Heloísa, amene anamulera mwanayo m'chipewa ndi mafuta oteteza dzuwa, amene ankamuwongoletsa tsitsi mwezi uliwonse kuti lisaulule zakumtundu, anamugoneka padenga masana onse ngati nsomba yoyanika. Wometa anaitanidwa kudzapota tsitsi lomwe analiwongola yekha kwa zaka zambiri. Koma dzuwa silinamudetse, linangomuwotcha. Anakafika pamaso pa komiti ali psuu, mphuno ikufundula. Komiti inamuyang'ana kutsogolo, inamuyang'ana chammbali, n'kukana. Mmodzi anamufunsa ngati mlonda wa m'sitolo anayamba wamulondolapo, Tavinho n'kuyankha kuti inde, kawirikawiri, kudzamunyamulira katundu.

"Amuchita chipongwe mwana wanga," anatero Dino. "Tachita apilo. Ndaitananso atolankhani a wailesi yakanema ya ku Salvador. Dziko lonse lione kuti mdzukulu wa mayi wakuda akumanidwa sukulu. Amayi akhala pambali panga. Ndiwatchula, Jandira. Pagulu."

Ndinafuna kumuwaza mafuta amoto. Koma ndinaganiza za amayi, mtima unagwa pansi. Galu akakubwezera nyama yomwe anaba suyamba wafunsa chifukwa chake.

"Nanga ine ukundifuniranji?"

"Ukhale chakumbuyo. Nkhope yako ithandiza."

Tsikulo ndinalowera khomo la kutsogolo la nyumba ya Dino koyamba m'moyo wanga. Pabalaza anali atachotsa chithunzi cha agogo ake a Heloísa atakwera hatchi, n'kupachika cha amayi ali pa chiwaya, chomwe anabwereka kwa ine. Amayi anawagulira diresi loyera la zingwezingwe, mikanda, ndi duku lalitali longa la ovina pa chikondwerero. Ndinawapeza m'kachipinda kawo atakhala pabedi, manja ali pamiyendo, maso akuwala ngati a mkwatibwi.

"Wati anena lero," anandinong'oneza. "Ndinakuuza kuti adzanena."

Ndinangoti inde amayi.

Atolankhani anafika atatu: mtsikana wofunsa mafunso, wakuda ngati ine, ndi anyamata awiri a makamera. Anakhala pampando, n'kuyamba kulumikiza zingwe zawo. Dino anali kukonza tayi pagalasi. Apo ndi pamene Heloísa, osaganiza n'komwe, anatembenukira kukhitchini n'kuomba m'manja kawiri monga amachitira tsiku lililonse.

"Dona Firmina! Khofi wa alendo!"

Palibe wa m'nyumbamo anaona cholakwika. Dino anapitiriza ndi tayi yake. Tavinho anangowonjezera kuti wake akhale wa mkaka. Amayi anatulukira pakhomo ndi mikanda yawo ija, anaima pang'ono, n'kubwerera. Ndinawatsatira kuti ndiwalande thireyi, koma anandikankha ndi chigongono. Anathira khofi, anagawira aliyense, anafunsa za shuga. Atatha ndi pamene Dino anawagwira dzanja n'kuwakhazika pakati pa sofa, pomwe anali asanakhalepo chiyambire.

Kamera itayaka, mlongo wanga analankhula ngati wansembe pa maliro a munthu wolemera. Anatchula zombo za akapolo, anatchula zikwapu za m'minda ya nzimbe, osakumbuka kuti mindayo ndi ya apongozi ake. Anati magazi a ku Afirika akuthamanga m'mitsempha mwake. Kenako anaika dzanja paphewa la amayi.

"Awa ndi mayi anga ondibereka."

Ananenadi. Ndinawayang'ana amayi. Maso aja anali atazima, ankangoyang'ana makapu a pa tebulo.

Mtolankhani anawayandikizira cholankhulira. "Mayi, tiuzeni dzina lanu, ndi ubale wanu ndi a meya."

Amayi anakonza duku, anamwetulira mwaulemu monga amachitira ndi alendo onse.

"Ndine Firmina, mwanangu. Ndine mlezi wa a dokotala. Ndinawalera kuyambira ali khanda."

Dino anaseka kaphwete kouma.

"Amayi amakonda nthabwala. Amayi, auzeni."

"Ndawauza, a dokotala."

"Mumagona kuti m'nyumba muno, mayi?" anafunsa mtsikana uja, amene tsopano anali atagalamuka.

"Kuseri kwa khitchini. Kachipinda kabwino ndithu, kali ndi windo."

Tavinho, poona udokotala wake ukupita ndi madzi, analumpha pampando. "Dona Firmina, chonde, tanenani zoona!"

"Agogo anu mumawaitana Dona Firmina?" anatero mtolankhani.

Mnyamatayo anafiira kuposa mmene dzuwa linamufiiritsira. Amayi anaimirira n'kuyamba kutolera makapu, kamera ikuwatsatira mpaka kukhitchini.

Madzulo omwewo dera lonse la Bahia linaonera meya woyera amene anaveka wantchito wake duku kuti akhale mayi wake wobwereka. Pa siteji anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Madalaivala ankafunsana kuti kodi mayi wakuda akubwereketsa zingati pa tsiku, mwana wanga akufuna uinjiniya. Mlongo wanga ananama zaka makumi anayi anthu akumuombera m'manja, ndipo tsiku limodzi lomwe ananena zoona dziko lonse linamutcha wabodza. Ndisaname, ndinakondwa.

Amayi ndinawatenga tsiku lomwelo, ndi kasutikesi kawo. Panjira ndinawafunsa chifukwa chake anachita zimenezo, poti mawu aja anali atawadikira moyo wawo wonse.

"Amauza kamera," anatero. "Ine sanandiuze."

M'mawa mwake Dino anafika kwanga maso ali gwa, osagona. Anakhala pa mpando wanga wothyoka mwendo, amayi ali pakhonde akusankha nyemba.

"Mwandipha, amayi."

"Sunafe. Kalata yako ya kubadwa ilipo, dzina langa lili pamenepo. Kaionetse pa kanema, anthu adziwa kuti sunaname."

"Ndikaionetsa adzati ndinasandutsa mayi anga wantchito."

"Nanga sunatero?" ndinalowerera ine. "Mapanga awiri avumbwitsa, a dokotala. Sankha limodzi."

"Iwe khala chete, sukudziwa ndale."

"Ndale sindizidziwa, koma amayi anga ndimawadziwa."

Amayi anandiletsa ndi dzanja. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti chiyembekezo chija chinali chisanafe. Chinandipweteka kuposa zonse.

"Dino, apilo ya mwana ndi mpando wako si nkhani yanga. Pita pa wailesi yathu yomweyi, popanda duku, popanda alendo. Ukanene kuti Firmina wa zitumbuwa ndi mayi ako, ndipo unachita nawo manyazi. Ukatero ndibwerera, ngakhale m'kachipinda komwe kaja."

Anati akaganiza. Anapita kukaganiza ndi alangizi ake, anyamata ophunzira a ku Salvador, amene anamuwerengera kuti ovota amakhululukira wabodza msanga kusiyana ndi mwana wotaya make. Anthu a kuno ngakhale ataledzera kachasu amakumbutsana kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo.

Loweruka masana analankhula pa wailesi ya m'tauni. Ine ndinali kusinja nyemba, amayi akusenda anyezi, kawailesi kali pawindo. Anapepesa anthu onse a Barra do Jenipapo chifukwa cha kusamvetsetsana. Anati apilo ya mwana wake waichotsa, Otávio akaphunzira kusukulu yolipira. Kenako mawu ake ananjenjemera mwaluso.

"Dona Firmina anagwira ntchito m'banja lathu mokhulupirika kwa zaka zambiri. Pamene ndinati ndi mayi anga, ndinkalankhula za mumtima. Kwa ine ali ngati mayi."

Ndinatambasula dzanja kuti nditseke wailesiyo, koma amayi anati ndiisiye. Anamvetsera mpaka nyimbo ya chipani itatha. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti anyezi a chaka chino ndi aukali.

"Ngati mayi," anatero, akutola anyezi wina. "Waona, Jandira? Andikweza pantchito."