Kalasi ya Kumunda

Amuna awiri anali atayamba kale kumasula pampu pachitsime pamene Rosalia anafika kumunda. Duku lakuda linali likadali kumutu kwake. Mwamuna wake, Lawrence, anali ataikidwa m'manda masiku apitawo.

"Pepani kwambiri, amayi," anatero ba Thokozile, mphunzitsi mnzake wa malemuyo, maso ali pansi. "Pampu, thanki ndi masola ndi katundu wa yunivesite. Thandizo lija linaperekedwa m'dzina la ba Lawrence. Popeza atisiya, ntchitoyi yathera pomwepa."

Lawrence ankaphunzitsa zaulimi ku Lusaka. Nthawi zonse ankadandaula kuti ophunzira ake amamaliza sukulu asanagwirepo khasu. Yunivesite itapereka thandizo loti aphunzitsi akonzenso maphunziro awo, iye anasintha zonse: ophunzira azibwera kuno ku Shikabeta nyengo yadzinja, aziphunzira m'munda wa bambo ake pamodzi ndi alimi. Anakumba chitsime, namanga chisakasa chamalata chokhala ndi mabenchi. Gulu loyamba likanabwera ndi mvula yoyamba. Koma mtima wake unaima ali m'minibasi, pafupi ndi Chinyunyu.

"Nanga ophunzira aja?" anafunsa Rosalia.

"Awatenga mphunzitsi wina. Aziphunzira m'kalasi ngati kale."

Bornwell, mkulu wake wa Lawrence, anali atatsamira mzati wa chisakasacho. "Ndinamuuza ine," anatero. "Munda wa atate sangausandutse sukulu. Mlamu, malata awa tikafolera nyumba ya amayi, ikudontha. Mitengo iyi tiwotcha makala."

"Alamu, ngakhale dothi la pamanda silinaume."

"Njala siyembekeza dothi kuuma. Inu mubwerera ku Lusaka, ife titsala kuno."

Ku Lusaka komweko kunalibe chomudikira Rosalia: nyumba yomwe ankakhala inali ya yunivesite. Anangoyang'ana thanki ikukwezedwa pagalimoto, mpaka fumbi linazimiririka kumsewu.

Bornwell anakwera padenga ndi hamala.

Apo m'pamene anatulukira ba Regina, mayi wolima munda woyandikana nawo, atasenza dengu. Anali atavala chitenje chatsopano. Anatula dengulo pamapazi a Rosalia. Munali ngala za mapira, zomangidwa m'timitolo.

"Ba Lawrence anandipempha kuti ndidzaonetse ana awo a sukulu kasankhidwe ka mbewu," anatero. "Ndinakana. Ndinati ine sukulu sindinaipondeko, adzandiseka. Iwo anakana benchi, anakhala pansi padothi apa ndi thalauzi lawo labwino, n'kunena kuti, 'Yambani ndi ine, aphunzitsi.' Akabwera kumudzi ankatero, mpaka mantha anandithera." Anakonza chitenje chake. "Ndiye ndimati ndifunse, ana aja abwera liti?"

Lata loyamba linagwa pansi ndi phokoso.

"Sabweranso, mayi," anatero Rosalia.

Ba Regina anawerama kuti asenze dengu lawo, koma Rosalia anawagwira dzanja. Anayang'ana malo amene mayiyo analoza, napinda miyendo, nakhala pansi padothi. Anasolola ngala imodzi m'dengumo n'kuwapatsa.

Pamwamba pawo misomali inkalira ikuzulidwa, ndipo dzuwa linayamba kulowa m'chisakasamo.