Chipinda cha Mawotchi

Kodi mungalote chimene ndinaiwala kuchita tsiku limene tinajambula chipinda cha malemu bambo anga?

Bambo ankakonza mawotchi m'kachipinda kopanikiza kwambiri. Madzulo a tsikulo tinayenera kusamutsamo katundu, ndipo amayi anapempha chinthu chimodzi: chithunzi choonetsa chipinda chonse, ngodya zonse zinayi.

Mlamu wanga, amene ndi wojambula zithunzi, anabwera ndi makamera awiri a filimu, onse okhala ndi malenzi, magalasi akutsogolo, oona motambalala. Yoyamba inali ndi kalilole mkati, moti diso limaona zomwe lenzi ikuona. Yachiwiri inali ndi kazenera pambali. Munthu amasuzumira pamenepo, lenzi n'kumaona zakezake.

"Alamu, tengani ya kazenerayi," anatero. "Siipinda makoma. Yangayi ikhotetsa chitseko ngati nthochi, koma siinama."

"Ndiye mwandipatsa yabodza?"

"Kuti mufanane nayo, alamu."

Tinaikamo mafilimu atsopano, tinaima pakhomo, n'kujambula mosinthana. Mawotchi onse pakhoma anali ataima. Nditadina kachitatu, imodzi inagunda kamodzi, n'kukhalanso chete. Mlamu anasiya nthabwala.

M'mawa mwake, chipinda chili kale mbee, tinatsuka mafilimu. Zithunzi za mlamu zinatuluka monga ananenera: makoma opindika, tebulo lodukira m'mphepete, mpando wopanda munthu. Filimu yanga inali yoyera kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kupatula chithunzi chachitatu. Pamenepo makoma anali owongoka bwino, ngodya zonse zinalowa, ndipo kumanzere kwenikweni, kumene kazenera sikankafika, bambo anali atawerama patebulo, kagalasi kali padiso.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ichi ndiye chipinda chonse," anatero, n'kuchiika m'chikwama.

Mlamu anatenga kamera ija m'thumba langa. Anaitembenuza, n'kundiyang'ana.

"Alamu, mwaigwiranso chiyambire dzulo?"

"Ayi. Ndinangotulutsamo filimu."

"Kutsogoloku simunakhudzeko?"

"Ngakhale pang'ono. Simunandiuze kuti kuli chokhudza."

Anakhala pansi osayang'ana kumene akukhala. Anati ndi kamera ya kalilole cholakwa chimenechi sichingachitike, chifukwa ukasuzumira umangoona mdima. Koma kazenera kamakuonetsa zonse bwinobwino, iwe n'kumadina mosangalala, pamene kuwala sikukufika pafilimu n'komwe.

Ndinaiwala kuchotsa chivindikiro cha lenzi.