Mapiritsi Ofiira

Faides anaika kabotolo pakati pa mphasa n'kubweza dzanja msanga ngati wakhudza khala la moto.

"Afunseni," anatero akuyang'ana mchimwene wake Bornwell. "Afunseni alamu athuwa kuti ichi n'chiyani."

Olipa sanafunike kuyang'ana kawiri. Kabotoloko kanali kake, ka mapiritsi ofiira amene anamwino anam'patsa ku sikelo. Anali atakabisa kuseri kwa mtsuko, ndiye kuti wina anachita kufufuza m'nyumba mwake iye ali kumanda. Anakoka mpango kuphimba mutu umene anali atangometa dzulo lake, ndipo mwana anam'ponda m'mimba, pansi pa nthiti.

Dothi la pamanda a mwamuna wake Darius linali lisanaume. Anthu a kutali anali atabwerera kwawo, patsala abale a kwa Zimba okhaokha, atakhala pansi pa mtengo wa mango kuti agawane zovala za malemu ndi kukamba za mkazi wamasiye. Zovalazo zinali pamphasa pomwepo: malaya, mathalauza, majombo a kumunda, ndi jekete lakuda lopitira ku tchalitchi.

"NyaBanda, tiuzeni," anatero Bornwell, akuitana Olipa ndi dzina la kwawo. Iye ndiye anali wamkulu m'banjamo, ndipo mawu ake anali otopa.

"Ndi owonjezera magazi, alamu. A mavitamini. Amapereka kwa amayi oyembekezera."

"Oyembekezera!" Faides anaomba m'manja kamodzi. "Nanga Darius pakati pake panali pa miyezi ingati?"

Wina kumbuyo anayamba kuseka koma anakumbukira kuti ali pamaliro, nasandutsa kusekako chifuwa.

"Ine ndinaona ndi maso angawa," Faides anapitiriza. "Ndinabwera m'mawa kudzapempha mchere. Ndinam'peza mlongo wanga akumeza mankhwala a azimayi, awa atam'gwirira kapu. Mwamuna wamagazi ake okwana, wonyamula matumba a chimanga ngati mitsamiro, mukam'thira magazi ena, apita kuti? Si kumutu? Nanga iye ankalira chiyani? Si mutu?"

Olipa anayang'ana pansi. Kwawo kunali tsidya lina la malire, ku Kasungu. Makolo ake anabwera kuno ku Magodi kudzalima fodya wa eni, ndipo atabwerera anapita ndi ng'ombe za malowolo. Kuno ana ndi a bambo. Akangomuuza kuti manja ake ndi amene anapha Darius, adzanyamula kathumba kake yekha. Mwana wawo Linah, amene pa nthawiyo ankasewera ndi zitsononkho kuseri kwa nkhokwe, adzatsala. Wa m'mimbayu naye adzam'tsatira akangoleka kuyamwa.

Chimene chinkam'pweteka koposa n'chakuti mawu a Faides sanali achilendo. Anali atadzifunsa yekha funso lomwelo kuyambira tsiku limene Darius anayamba kubwebweta.

Nkhaniyo inayamba ndi iye mwini. Mimba yapitayo anataya magazi ambiri pobereka, mwana sanakhale, ndipo iyeyo anapulumukira pakamwa pa manda. Ulendo uno anamwino anam'kokera chikope pansi, napukusa mutu. "Mayi, muli mbuu ngati ufa. Limodzi tsiku lililonse, osadumpha. Ndipo musamale, galimoto ya mankhwala masiku ano imabwera ikafuna." Koma pobwerera, azimayi anzake panjira anam'langiza zina. Mapiritsi amenewo amakulitsa mwana. Mwana akakula sapeza njira, ndiye amakutengera ku boma kukakung'amba. Ena ankawataya m'tchire asanafike n'kumudzi komwe.

Olipa sanataye, koma sanamwe. Chizungulire chinkam'gwira ku chitsime, mtima unkagunda ngati wathamanga, komabe mpeni wa ku boma unkamuopsa kuposa zonsezo. Darius anachonderera, anakalipa, anachondereranso. Kenako m'mawa wina anakhala pakhonde, natsegula kabotolo.

"Make Linah, ngati ndi poizoni tifere limodzi. Ngati akulitsa mimba, yanganso ikule, anthu aziti Zimba walemera."

Anaponya dzanja kukamwa, anamwera madzi, nayasamula kuti aaa, lilime panja, ngati mwana woonetsa amake kuti wameza. Olipa anaseka mpaka misozi, namwa lake. Kuyambira pamenepo zinali choncho m'mawa uliwonse: Darius lake, aaa, kenako Olipa lake. Chizungulire chinayamba kuchepa. Kabotolo kanatsika msanga poti ankamwa awiri, ndipo Olipa akadandaula, Darius ankangoti, "Zisiyeni kwa ine."

Olipa anayesa kufotokoza zonsezi pamphasapo, koma mawu ankatuluka oduka, ndipo pamaso pa alamu ake nkhani ya lilime sikananeneka.

"Ndiye mukuvomera kuti ankamwa," anatero Bornwell.

"Ankamwa, alamu. Koma ku chipatala anati ndi malungo. Malungo okwera ku ubongo."

"Malungo ndani sanadwalepo pano?" Faides anafunsa. "Tonse timamwa kolorokwini n'kudzuka. Iye simunam'patse?"

"Ndinam'patsa ndi dzanja langa. Tsiku loyamba lomwe."

"Nanga bwanji sanagwire ntchito? Si chifukwa anapeza m'thupi muli kale zina?"

Mphepo inabweretsa fungo la fodya kuchokera m'chigafa, fodya amene Darius anasoka ndi kupachika yekha asanagone. Masamba ena anali atayamba kupsa m'munda osathyoledwa.

Bornwell anapukuta nkhope ndi chipewa. "Nkhani iyi ndi yolemera. Tiyambe tagawa zovalazi, mitima itsikeko, kenako tidzaona pomwe alamu athu aima."

Anayamba ndi malaya. Chovala chilichonse chisanapite kwa mwini wake watsopano, matumba ankawatembenuza pamaso pa onse, kuti mawa wina asadzanene kuti munali kanthu. M'thalauza la kumunda munatuluka chingwe chosokera fodya ndi msomali wopindika. M'malaya munali mtedza wouma. Majombo anawagogoda pansi, munangotuluka dothi. Olipa ankaona mwamuna wake akuchoka pamphasapo pang'onopang'ono, dzanja ili litenge, dzanja ilo litenge, ndipo ankadziwa kuti zovala zikatha, chotsala chogawa ndi iye ndi ana.

Jekete linali la Bornwell. Analiyala pamaondo, nalowetsa dzanja m'thumba lakumanja. Linatuluka ndi kabokosi ka machesi.

"Uyu anayamba liti kusuta?" anafunsa.

"Sankasuta," anatero Olipa.

Bornwell anakagwedeza pafupi ndi khutu. Kanalira mosiyana ndi machesi. Atakankha ndi chala chachikulu, onse anasendera pafupi. Munali mapiritsi ofiira, odzaza mpaka pakamwa, ouma, owala ngati sanakhudzidwepo, pansi pake atayalapo kathonje.

Faides ndiye anayamba. "Mwaona! Mpaka anali ndi ake ake!"

Koma Bornwell sanam'mve. Ankayang'ana kabokosiko, mapewa ake akugwedezeka, ndipo Olipa sanadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka ataona kuti ndi zonse ziwiri.

"NyaBanda," anatero, "pomeza ankatani? Ankaponya dzanja chonchi?" Anatola mtedza umodzi wa m'malaya muja, nauponya kukamwa, nayasamula. M'kamwa munalibe kanthu. Kenako anatambasula zala. Mtedzawo unali utapanikizidwa pakati pa chala cha mkombaphala ndi chapakati.

Olipa anagwira pakamwa. Ndi mmene Darius ankasowetsera mtedza pamaso pa Linah, n'kukautulutsa kukhutu kwa mwanayo.

"Faides, waiwala?" Bornwell anatembenukira kwa mlongo wake. "Chaka chimene tonse tinagona ndi malungo, amama akutimwetsa kwinini? Uyu ankayasamula kuposa tonse. Posesa anakapeza mulu pansi pa mphasa."

"Tambala wa amama anatola limodzi," anatero Faides mawu atatsika. "Anayenda cham'mbali tsiku lonse."

"Chibadwire munthu uyu sanamezepo piritsi. Ankati limam'tsekera pakhosi, amaona ngati akufa. Ng'ombe yolusa ankaigwira nyanga, koma kambewu aka ayi." Bornwell anaika kabokosi pafupi ndi kabotolo. "Awa ndi anu, mulamu. Ankakusungirani."

Olipa anamva mwala umene unakhala pachifuwa pake chiyambire matenda ukusuntha. Sanamuphe. Anafuna kulira, anafunanso kum'tukwana Darius chifukwa chom'pusitsa m'mawa uliwonse, iye akuseka ngati chitsiru. Koma chimwemwecho chisanafike n'kumaso komwe, china chinam'bwerera m'maganizo. Anakumbukira kuti masiku a malungo Darius ankanjenjemera, ndipo anapempha jekete lomweli kuti avale pansi pa bulangeti.

"Alamu," anatero, "thumba linalo."

Bornwell anam'yang'ana, ndipo Olipa anaona kuti naye waganiza zomwezo. Analowetsa dzanja m'thumba lakumanzere mosafuna. Zala zinatuluka zoyera ngati wagwira laimu. Pachikhatho panali mapiritsi oyera, ena athunthu, ena ophwanyika ndi thukuta, osakanikirana ndi ulusi wa m'thumba. Awa Darius sanawayalire thonje. Bornwell anakhudza chala palilime, nalavulira kumbali.

"Kolorokwini."

Kuseri kwa nkhokwe Linah ankayimbira zitsononkho zake nyimbo ya ku Sande sukulu.

"Anayasamula," anatero Olipa, osauza munthu aliyense. "Ndinam'gwirira kapu, anayasamula, ine ndinati wamwa."

Faides anakwawa pamphasa, nalanda jekete m'manja mwa Bornwell, nalikumbatira. "Darius, chitsiru iwe! A Chiuta, chitsiru cha mlongo wanga!" Analira kulira kwenikweni, kosiyana ndi kwa pamanda, kopanda mawu okonza. Azimayi ena anam'gwira mapewa. Palibe amene anam'letsa.

Kulira kutatsika, Bornwell anapukuta dzanja pa udzu kwa nthawi yaitali, kuyerako osachoka.

"NyaBanda," anatero potsiriza, "fodya uja akupsa m'munda. Mawa ine ndi anyamata tibwera kudzathyola. Inu musanyamule kanthu kolemera. Nyumba ndi yanu, munda ndi wa ana anu. Pakamwa pathu panathamanga, mutikhululukire."

Olipa anaomba m'manja mwaulemu.

Faides anamina, nasendera pafupi. Sanapepese. Anangogwira chibwano cha Olipa, nam'kokera chikope pansi monga anachitira anamwino.

"Mwasiya liti kumwa?"

"Tsiku limene anayamba kubwebweta."

"Zikuoneka." Anadzuka, napita ku mtsuko, nabwera ndi madzi m'kapu yachitsulo, yomwe ija Olipa ankam'gwirira Darius. Anaiika pamphasa, nakankhira kabokosi ka machesi pafupi ndi bondo la mlamu wake.

"Nanga mwana akakula?" Olipa anafunsa chapansipansi, poti amuna anali pomwepo.

"Akakula tidzamanga ng'ombe pangolo, ine ndidzakhala kumutu kwanu mpaka ku boma. Maliro awiri chaka chimodzi, yayi."

Olipa anasankha piritsi limodzi m'kabokosimo. Linali lopepuka, lozizira. Linah anali atabwera, ataima pafupi ndi azakhali ake, maso ali pa dzanja la amake, kudikira kuti aone ngati lituluke kukhutu.

Olipa analiika palilime onse akuona, namwera madzi. Kenako anatambasula zala zonse, kutsogolo ndi kumbuyo, natembenukira kwa mwanayo, nayasamula kuti aaa.