Chokokera Chobisika cha Wilson

Wilson atagula galimoto yake ija, ya matayala akuluakulu oyenda pamchenga ndi m'matope momwe, ankayesa wadzigulira yekha. Sanadziwe kuti wagulira mudzi wonse wa kwa mkazi wake Nancy, ku Senga Bay. Iye anali mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini wokhala ndi galimoto sasiyana ndi mtondo wa pabwalo, aliyense wofuna kusinja amangobwera ndi munsi wake.

Chimene chinamugwetsa m'mavuto ndi chitsulo chokokera ngolo chomwe chinali kumbuyo kwa galimotoyo. Boti likafuna kutulutsidwa m'madzi kuti likamatidwe, ankaitana Wilson. Minibasi ikatitimira mumchenga, Wilson. Ngolo ya njerwa ng'ombe zikatopa nayo, Wilson yemweyo. Ntchito yake yeniyeni inali yotenga alendo a m'maloji kukawayendetsa panyanja ndi boti lake, koma nthawi zambiri alendowo ankamudikira ali ndi zipewa kumutu, iye ali kutsidya kwa mudzi akukoka boti la mlamu wa mlamu wake. Kukana sakanatha. Mkamwini sakana, amangodwala, ndipo Wilson anali atadwala kale matenda onse amene ankawadziwa.

Tsiku lina anadula chitsulo chija n'kuchitaya m'dzenje la zinyalala. Kenako anapita kwa a Joseph, amalume ake a Nancy, eni mbumba pamudzipo. A Joseph anali msodzi wokalamba, wofatsa, munthu woti ukamuuza kuti kumwamba kwagwa nsomba amapita kukatenga dengu. Iwowa ndi amene anamulandira Wilson pamudzi, n'kumupatsa malo omangapo nyumba, ndipo ankamutcha mwana wawo.

"Malume, galimoto ija yavulala," anatero Wilson atakhala pansi, manja ali pamawondo. "Chitsulo chake chapansi, chimene chimanyamula thupi lonse, chang'aluka. Amakaniko akuti ndikangokokanso kanthu, ithyoka pakati. Pano palibenso pomanga chingwe paliponse."

A Joseph anagwira pakamwa. "Ndife tachita zimenezi, mwanangu. Takulemetsani. Pepani kwambiri."

Madzulo omwewo mkuluyo anayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti galimoto ya mwana wake isakokenso kanthu. Wilson anamva manyazi pang'ono, koma manyaziwo sanamuletse kugona.

Komabe boti lake la alendo linkafunika kulowa m'madzi ndi kutuluka, ndipo linkakhala pangolo. Choncho anayendetsa galimoto mpaka ku Khombedza, kutali ndi maso a apongozi, kwa Bilali wowotcherera zitsulo.

"Ndikufuna chokokera, koma kutsogolo," anatero Wilson. "Ngolo ya boti ndiziikankha ndikuiona. Ndipo chisaoneke."

Bilali anakweza magalasi ake akuda pamphumi. "Achimwene, anthu amabwera kuno kuti ndiwaikire zitsulo zoti anzawo aziona. Inu mukufuna choti chibisike?"

"Ngakhale mwana wogwada pansi asachione."

"Mwaba ngolo ya munthu?"

"Ndakwatira kumudzi kwa eni."

Bilali sanafunsenso. Anamasula bampala n'kuigoneka pamthunzi. Anayeza mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri zikuluzikulu zapansi pa galimoto, akulemba ndi choko, n'kudula chitsulo chochindikala chopingasa. Pakati pake anawotchererapo paipi ya makona anayi, yoti muzilowa mutu wokokera n'kutsekedwa ndi pini. Anaboola mabowo, n'kumanga zonse ndi mabawuti onenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, akukoka sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Pabampala anabowola kazenera, ndipo nambala ya galimoto anaiika pa timahinjesi kuti izitseka kazenerako. Ukaikweza nambalayo, kamwa la paipi linkakuyang'ana. Ukaitsitsa, galimoto inkaoneka yosalakwa ngati mwana wa kwaya.

"Walahi, ichi chikhoza kukoka nyumba," anatero Bilali akupaka penti wakuda. "Koma bampalayi musadzamangepo kanthu. Ndaidula, yatsala yokongoletsa basi."

Miyezi yotsatira inali yokoma. Boti lake ankalisunga mumpanda wa loji ina yakutali ndi mudzi, ndipo kumeneko ankakweza nambala, kulowetsa mutu wokokera, n'kukankhira ngolo m'madzi mwaulemu wake. Pobwerera kumudzi mutuwo unkagona pansi pa mpando, wokulungidwa m'thumba. Ngakhale Nancy sanauzidwe, poti magazi ndi magazi. Azilamu ake ankakoka maboti ndi mapewa, akuimba nyimbo zokokera, Wilson akudutsa pang'onopang'ono n'kuwaimikira dzanja mwachisoni. Anthu ankamumvera chisoni iyenso. Amayi ena anafika pomupempherera galimoto yake kutchalitchi.

Mvula ili pakati, a Joseph anapempha kuti awaperekeze ku Chinguluwe kukaona mlongo wawo amene ankadwala. Kunyamula munthu si kukoka, ndiye Wilson anavomera msanga. Pobwerera masana, mvula itagwa kumtunda, anafika pakhwawa lina limene m'mawa anawoloka bwinobwino. Wilson anakhulupirira matayala ake. Galimoto inalowa, inalira, inakumba, kenako inakhala pansi m'matope ngati nkhuku yofungatira mazira.

Madzi anali akubwera. Poyamba ankanyambita matayala, posakhalitsa anayamba kugogoda pazitseko. Alimi a mpunga anathamanga kuchokera m'minda, ndipo wina anakaitana Kamal, woyendetsa thirakitala ya kusikimu ya mpunga. Kamal anafika ndi tcheni paphewa, anazungulira galimoto madzi ali m'mawondo, akupapasa pansi.

"Bwana, timange pati?"

Wilson anatsegula pakamwa, koma a Joseph, amene anali atatsika n'kuima pamtunda ndi kachikwama kawo, anamuyankhira.

"Galimoto imeneyi ilibe pomanga, bambo. Inavulala chifukwa chothandiza anthu."

"Madala, galimoto yotere singasowe pomanga. Eni ake akudziwa."

"Mukuti mwana wanga ndi wabodza?" A Joseph, amene mawu awo sankamveka kawirikawiri, anakweza mawu mpaka alimi anasiya kulankhula. "Munthu uyu wakhala pakhomo panga zaka zonsezi, sanandinamizepo. Akati palibe, palibe."

Apa Wilson akanangowerama, kukweza nambala ndi chala chimodzi, galimoto ikanatuluka. Anali ataima m'madzi kutsogolo kwa galimoto, nambalayo ili pafupi ndi bondo lake. Anayang'ana madzi, anayang'ana nkhope ya mkulu amene ankamuikira kumbuyo pamaso pa anthu achilendo, ndipo mantha anamugwira kuposa a madziwo.

"Mangani kubampala," anatero ndi mawu otsika.

"Ilimba imeneyi?"

"Mangani."

Kamal anakulunga tcheni, anakwera thirakitala, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono. Tcheni linawongoka. Panamveka phokoso ngati la denga lamalata likusasuka ndi mphepo, ndipo bampala yonse, pamodzi ndi nambala yake, inatsatira thirakitala kukwera mtunda, galimoto n'kutsala pomwe inali. Kutsogolo kwake kunatsala poyera. Pakati penipeni panali chokokera chija, chakuda bii, chonyezimira ndi girisi, pakamwa pake patapekesedwa ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Mlimi wina anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Kamal anatsika, anawerama, anachigogoda ndi sipanala.

"Mutu wake uli kuti, bwana?"

Wilson anatsegula chitseko, madzi n'kulowa, ndipo anatulutsa thumba lija pansi pa mpando, pomwe a Joseph anakhalapo ulendo wonse. Galimoto inatuluka kamodzi n'kamodzi. Bilali sananame, chitsulo chake sichinagwedere n'komwe.

A Joseph sanakalipe. Anathokoza Kamal ndi manja awiri, anapepesa chifukwa chomukwezera mawu, kenako anafunsa alimi aja njira yachidule yotulukira kumsewu wa minibasi.

"Malume, kwerani tizipita," anatero Wilson.

"Pitani bwino, a Wilson. Ndisakulemetseni."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anamupemphanso kanthu. Sanamuthamangitse pamudzi, sanamuitanire kubwalo, ndipo moni ankamupatsa wokwanira. Bampala sanaibwezeretse. Galimoto ankaiimika pakhomo itayang'ana kunjira, mutu wokokera uli m'malo mwake, tcheni latsopano lili pamwamba, koma azilamu ake ankadutsa pomwepo ndi zingwe zawo pamapewa, akukambirana za mphepo ya mwera.

Mlongo wa a Joseph atamwalira, Wilson anadzuka m'mamawa, anatsuka galimoto, anathira mafuta, n'kukhala pakhonde atavala jekete lakuda. Nancy anatuluka atamanga chitenje, osamuyang'ana, n'kulunjika kwa amalume ake. Patapita nthawi kunabwera kalole kakale kochokera ku Khombedza, kofuka utsi, kobwerekedwa kwa munthu wachilendo. Abale onse anakwera n'kuyamba nyimbo ya maliro. Pamchenga wa pafupi ndi nyumba ya Wilson kaloleko kanatitimira. Wilson anaimirira, makiyi ali m'manja. Amuna anatsika mwakachetechete, a Joseph ali pakati pawo, anaika mapewa kumbuyo kwa kalole, n'kukankha.